Nthutumba ya Atsibweni

Likoswe,
14 Meyi 1996

Mlongo wanga Jeremiah,

Kuno tadzuka, kaya iwe ku Joniko. Ine ndi maso amene akundivuta, zilembo zikumaoneka ngati nyerere, koma dzanja likadatha kugwira cholembera. Chimanga takolola chochepa. Nandolo ndiye akulonjeza.

Ndakulembera nkhani yabwino. Eluby wanga uja, amene unamusiya akulira ndi chipeso, wapeza mwamuna. Dzina lake ndi Gregorio, kalipentala wa kufupi ndi ku Mauwa. Ndi Mkatolika, ndipo ena a kutchalitchi kwathu ku Mbombwe akwinya kale mphuno, koma ndawauza kuti mtsikana sakwatiwa ndi benchi la m'tchalitchi.

A Mikaele, atsibweni ake a mnyamatayo, abwera kale kudzagogoda. Ndinawauza kuti mwini mbumba ali ku Durban, ine ndilibe mawu. Tapangana kuti chinkhoswe chidzakhale kumapeto kwa Sepitembala. Bambo ake a Eluby anatisiya, amayi athu anatisiya, mwamuna wa m'mimba mwathu watsala ndiwe wekha. Udzakhala pamkeka ndi a Mikaele, mudzang'ambirana nkhuku n'kudya anthu onse akuona, basi banja lamangidwa. Ukudziwa wekha kuti wadya nkhuku ndiye nkhoswe, ndipo banja likadzagwedezeka ndi iye amene amamvedwa.

Ndayamba kale kunenepetsa thadzi lakuda, madeya m'mawa ndi madzulo. Nthutumba ndi yako. Sindinaiwale momwe unkaibera mumphika uli mwana, amayi n'kumakwapula ine.

Pempha holide msanga, ndipo ugule jekete looneka, usadzatichititse manyazi pamaso pa Akatolika.

Ndine mlongo wako,
Dainess


Durban,
22 Juni 1996

Achemwali,

Kalata yanu ndailandira ndi manja awiri. Ine ndili bwino, kuzizira kokha. Za Eluby ndakondwa kwambiri ndipo ndibwera. Chikatolika cha mnyamatayo sichikundipatsa mutu. Chimene ndikufuna mundiuze ndi ichi: kodi amamwa? Nanga akakwiya dzanja lake limakhala pati? Mufufuze kwa anthu oyandikana nawo, osati kwa abale ake.

Tsono pali nkhani imene ndakhala ndikuzengereza kukuuzani. Ndinasiya kudya nyama. Ng'ombe, mbuzi, nkhuku, ngakhale matemba, zonse ndinasiya chaka chatha.

Mumadziwa kuti ndinkagwira ntchito ku fakitale ya nkhuku, koma simunandifunsepo kuti ntchitoyo inali yotani. Ine ndinali wokoleka. Nkhuku zinkabwera m'mabokosi zitathinana, zina zitathyoka miyendo chifukwa amazinenepetsa mofulumira mpaka thupi kulemera kuposa mafupa. Ndinkazigwira miyendo n'kuzikoleka chadodolido pa waya woyenda wopita ku mpeni, kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Achemwali, nkhuku ukaigwira umamva mtima wake ukugunda m'chikhatho. Zaka zonsezo ndinkaumva n'kumadziuza kuti ndi ntchito. Tsiku lina ndili pachakudya ndinanyamula ntchafu, ndipo dzanja langa linamva kugunda komweko. Ndinaibweza m'mbale. Ntchito ija ndinaisiya, pano ndimatsitsa matumba ku msika wa masamba.

Thupi nalo landithokoza. Dokotala ankati magazi anga akuthamanga kwambiri, mutu sunkapola, mapazi ankatupa. Lero ndapepuka, chimimba chija chinaphwa, lamba ndachita kuboola mabowo ena. Nyemba, mtedza ndi nandolo zimamanga thupi chimodzimodzi nyama, ophunzira anatero. Inu kumudziko muli ndi mankhwala m'munda koma simudziwa.

Choncho muwauze a Mikaele mwaulemu. Pamkeka ndidzakhala, chanza ndidzagwira, koma nkhuku ya chinkhoswe cha Eluby sindidzailawa. Thadzi lanulo lisiyeni liziikira mazira. Mbale ya mtedza ikhoza kugwira ntchito yomweyo.

Ine mlongo wanu,
Jeremiah


Likoswe,
25 Julaye 1996

Jeremiah,

Moni ndikukupatsa chifukwa ndinaleredwa, osati chifukwa ndikufuna.

Kalata yako inafika maso anga atatupa, ndiye ndinapatsa Falesi, mkazi wa pachigayo, kuti andiwerengere. Ndikanadziwa! Falesi pakamwa pake ndi sefa. Dzuwa lisanalowe mawu anali atafika ku Mauwa, ndipo anafika opanda mutu ndi mchira: atsibweni a Eluby akana nkhuku ya Gregorio. Kuno kukana nkhuku kuli ndi tanthauzo limodzi lokha, ndipo usanamizire kuti Joni yakuiwalitsa.

A Mikaele anabwera chipewa chili kumutu, mpando anaukana. Anati, "Mayi, ngati vuto ndi korona yathu, tiuzeni poyera. Atsikana sanathe m'Chiradzulu muno." Ndinagwada ine, nkhalamba yamasiye, kulumbira kuti si choncho. Anandifunsa kuti nanga ndi chiyani, ndinati mlongo wanga amamvera chisoni nkhuku. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Eluby sakudya, akungokhala kuseri kwa nkhokwe.

Ena akuti wakhwima, asing'anga a ku Joni anakuletsa nyama kuti ulemere. Ena atamva za lamba wako woboolaboola angoyang'anizana, akuti ndi kaliwondewonde. Ndiziwayankha chiyani kumjigo?

Ndiye iwe ukundiphunzitsa ine za nandolo. Ine! Chaka chonse pakhomo pano ndi chisoso, nkhwani, kholowa, kalongonda, mpaka lilime limabiriwira. Nyama timaiona pa Khirisimasi ndi pamaliro. Iwe ukusala chifukwa unakhuta. Ife sitisala, timasowa, ndipo palibe dokotala amene anatiyamikirapo. Ruth, mnansi wanga uja, anapita ndi mwana wake kuchipatala m'zikope muli mbuu. Anamwino anati alibe magazi, muzim'patsa dzira, kachiwindi, kansomba. Sananene kuti muonjezere chisoso. Chimimba chako chaphwa ndiye ukuvina. Kuno munthu mimba ikaphwa timayamba kuyang'ana kwa okhoma mabokosi.

Chisoni chakocho usandinunkhitse nacho. Malata ali padenga langa ndi nkhuku zomwezo unkakolekazo, ndipo mvula ikamagwa sindinamvepo akulira kuti kwiyo. Unakoleka zosawerengeka chifukwa cha bwana wako, imodzi yokha ya mwana wa mlongo wako ndiye yakukanika? Thadzi langa silinalowepo m'bokosi. Limagona m'khitchini, limapalasa pomwe lafuna, anapiye lalera. Lidzafa tsiku limodzi ndi mpeni wakuthwa anthu akulithokoza. Ngati ndi tchimo, abusa athu amene timawaphera tambala akabwera kudzayendera mpingo adzatsogola ndi iwo kumoto.

Mtedza! Unamva kuti za ukwati womangidwa ndi mtedza? Tikuchita chinkhoswe, sitili pa siteji ya basi.

Lemba msanga kuti udzadya, ngakhale kaphiko kokha. Ukapanda kutero ndifuna wina.

Dainess


Durban,
30 Ogasiti 1996

Achemwali,

Moni. Kalata yanu yangofika kumene, yachedwa m'njira, ndipo yandiotcha manja.

Ine ndinalembera inu, sindinalembere chigayo. Mawu anga mwawataya nokha pamsewu ndiye mukundikalipira kuti adetsedwa. Akuti ndakhwima, akuti ndikudwala. Munthu akasiya chinthu kwathuko pamayenera kukhala ufiti kapena maliro, kuganiza kokha sikuloledwa.

Mwanditcha wokhuta. Inde ndinakhuta, ndipo ndinaona kumene kukhutako kumachokera, kumene inu simunaoneko. Njala ya ku Likoswe sidzatha chifukwa choti ine ndameza phiko. Mwana wa Ruth m'patseni dzira, sindinaletse munthu, ngakhale ndikudziwa kuti chimene chimamaliza ana magazi kwathuko ndi malungo ndi kudya kamodzi patsiku, osati nandolo. Ine ndikunena za pakamwa panga. Kodi pakamwa panga ndi pabwalo la mudzi kuti aliyense aziponyapo chimene wafuna?

Mukuti thadzi lanu lidzafa likuthokozedwa. Kalifunseni ngati likufuna zikomo wanuyo. Likaona mpeni limathawa monga momwe inu mungathawire, ndipo limalira. Mumalimva, mwangozolowera.

Za malata mwandilasa pabala, ndipo n'chifukwa chake ndinasiya. Munthu akaleka mowa simum'kakamiza chipanda chimodzi ponena kuti kale ankamaliza migolo.

Nanga ukwati wolendewera pa fupa la nkhuku ndi ukwati wanji? Ndinakufunsani ngati mnyamatayo amamwa. Ndinakufunsani za dzanja lake. Simunayankhe. Kalata yonse, kuyambira moni mpaka dzina lanu, nkhuku yokhayokha. Nkhoswe ndi maso oona ndi pakamwa polankhula, si mano.

Holide andipatsa kumapeto kwa Sepitembala ndipo jekete ndagula. Pamkeka ndidzakhala. Kudya sindidzadya. A Mikaele akafuna kukwiya adzakwiye ndikuwayang'ana.

Jeremiah


Likoswe,
16 Sepitembala 1996

Jeremiah,

Tili moyo. Kalata iyi ndapatsira mwana wa a Sabiti amene akubwerera ku Joni mawa, kuti ikupeze usanagule tikiti. Usavutike ndi basi.

Ndinadikira yankho lako mpaka khosi kuwawa ndi kuyang'ana kumsewu, a Mikaele akuopseza kuti akagogoda kwina. Tinafulumizitsa zinthu zisanaonongeke. Chinkhoswe chinachitika Loweruka lapitali, kalata yako yafika lero. Ndaiwerenga ndekha ndi maso anga owolawa, ndipo ndaona kuti sindinalakwe kusakudikira.

Pamkeka panakhala Joel, mwana wa amayi aang'ono. Inde, Joel wa kachasu yemweyo, mwamuna wina ndikanam'tenga kuti? Anadya bwino, nthutumba anayambira, mafupa anaphwanya. Iye ndiye nkhoswe ya Eluby tsopano. Mtsikanayo amutenga chitengwa, poti shedi ya ukalipentala ili kwawo kwa mwamuna.

Jekete lakolo uzivala popita kukatsitsa kabichi. Khala ndi pakamwa pako poyerapo, ndipo usandilemberenso.

Dainess


Mauwa,
9 Febuluwale 2000

Atsibweni,

Ndine Eluby, mwana wa mlongo wanu. Ndikhulupirira muli bwino. Aka n'koyamba kukulemberani, ndipo amayi sakudziwa. Adiresi ndinaipeza pa envulopu yanu yakale imene anasungiramo mbewu za maungu. Muli ndi mdzukulu, dzina lake Thandizo, akuyenda ndipo wayamba kulankhula.

Ine sindili bwino. A Gregorio amamwa, ndipo akamwa amandimenya. Poyamba anali makofi. Chaka chatha anandiponyera pulena yopalira matabwa, dzino lakutsogolo linachoka.

Ndinakadandaula kwa ankhoswe monga mwa mwambo. Koma imvani momwe milandu yanga imathera. A Joel akangotulukira pa njinga, a Gregorio amathamangira kukhola n'kugwira nkhuku. Nkhuku zanga, zimene ndinaweta ndekha. Woisosola ndine, diso lili chotupa. Woiphika ndine. A Joel amadya, kunyambita zala, kutsitsira ndi kabotolo, kenako amati, "Mwana wanga, wakwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima. Pirira." Mlandu watha. Khola linali lodzaza, lero latsala thadzi limodzi.

Amayi anapita kwa a Mikaele, anawabweza pakhomo. Akuti nkhani za banja zimayenda ndi ankhoswe, osati apongozi. Ndinathawirapo ku Likoswe, a Joel anabwera kudzanditenga okha, poti a Gregorio anagwira mwana kuti sachoka.

Kalata yanu ija inamveka pachigayo ponse, ndiye ndikudziwa zimene munalemba. Munati nkhuku mukaigwira mumamva mtima wake ukugunda, mpaka munasiya ntchito. Ndakhala ndi mkwiyo ndi inu zaka zonsezi ndipo ndikadali nawo, sindikubisirani. Munapulumutsa pakamwa panu, thadzi lakuda linafabe, ndipo ine munandisiyira a Joel. Chibwerereni kuno zafa nkhuku zambiri chifukwa cha imodzi imene munaikana.

Atsibweni, mtima wanga ine sugunda? Kapena mpaka mundigwire miyendo chadodolido kuti muumve?

Ndine mwana wanu,
Eluby


Likoswe,
2 Epulo 2000

Achemwali,

Ndafika pakhomo panu simulipo, akuti muli kuchipatala cha mishoni kudwazika Ruth. Pepani ndi matendawo. Basi yanga ndi ya mawa, ndiye kalatayi ndasiyira Eluby. Munati ndisakulembereninso, koma izi ndikufuna mumve kwa ine Falesi asanazikonze.

Eluby anandilembera. Dzulo ndinapita kwa a Mikaele. Joel ndinam'dzutsa ndi ndowa ya madzi n'kumukweza pa njinga ya hayala. Anthu anasonkhana pakhonde la shedi ya Gregorio, akazi cha kuseri, iye mwini atakhala pa chitseko chosamaliza akusewera ndi hamala.

Nditangoti zikomo, a Mikaele anakweza dzanja.

"Bambo awa ndi ndani? Pamkeka paja sindinawaone. Amene ndinadya naye ndi uyu."

Ndinati ndine mwini mbumba.

"Mwini mbumba wa m'makalata," anatero. "Kuno amalankhula ndi amene anadya."

Joel, mutu uli pansi, anati, "Ine zandikwana, akulu. Atenge eni ake."

"Atenge ndithu," anatero a Mikaele akumwetulira. "Koma unkhoswe satengera pakamwa pouma. Mukufuna mawu, bambo a ku Joni? Idyani, muwapeze."

Anthu anaseka. Ankadziwa zimene akuchita, Achemwali. Chiradzulu yense amadziwa kuti ine sindidya, ndiye anati anditsekera pakhomo ndi chitseko changa chomwe. Gregorio anadzuka n'kupita kukhola. Thadzi lotsala lija linali pamazira, analizula pomwepo. Ndinalimva likulira kuseri kwa nyumba. Ndinafuna kudzuka n'kumapita. Ndikunena zoona, mwendo unayamba kale kudzuka.

Nkhuku itapsa, Eluby anabwera ndi mbale, anagwada. Pamene ankati, "Wawa, atsibweni," ndinaona mpata wa dzino lija. Munamuona inu akulankhula? Amapinda mlomo kuti abise.

A Mikaele anapisa m'mbale, anatola nthutumba n'kunditambasulira. "Ya mlendo wolemekezeka."

Ndinadya. Ndinatafuna pang'onopang'ono kuti wa kumbuyo aone, asadzati ndinabisa m'tsaya. Inali yolimba, ndipo m'kamwa monse munadzaza fungo la ku fakitale. Ndinameza. A Mikaele kuseka kunali kutawathera, koma anthu akuyang'ana sakanachitira mwina, anang'amba phiko nawonso n'kudya. Ndinasamba m'manja.

"Tsopano ndine nkhoswe?"

"Ndinu nkhoswe."

"Aliyense wamva?"

Anavomera.

"Ndiye imvani mawu anga oyamba. Ukwati uno ndaumasula. Eluby, tenga mwana ndi katundu wako."

A Mikaele anadumpha ngati akhalira munga. "Nkhuku timadya pomanga, osati pomasula!"

Ndinati, "Munandiuza kuti wadya ndiye ali ndi mawu. Simunandisankhire mawu ake."

Gregorio anaima pakhomo hamala ili m'manja. Ndinamuuza kuti mwana ndi wa mbumba yathu, ndipo akafuna kulimbana tikafunsira limodzi kupolisi kumene kunapita dzino la mkazi wake. Anayang'ana a Mikaele, a Mikaele anayang'ana mbale. Gregorio anapatuka.

Tisanafike pamsewu ndinalowa m'munda wa nandolo wa eni ake n'kusanza zonse. Eluby anandigwirira jekete. Ndi lomwe lija ndinagulira chinkhoswe.

Musaganize kuti mwandigonjetsa. Thadzi lija silinamenye munthu. Linafera Gregorio, a Mikaele, Joel, inu ndi ine, ndipo kulira kwake ndikukumvabe. Sindidzadyanso, ngakhale mudzandikonzere maukwati khumi. Mwambo umene umamvera chidakwa chifukwa chili ndi mano n'kutsekera kunja mayi wobereka ndimaudabe lero kuposa kale. Ndipo funso limene ndinakufunsani lija, la dzanja la mnyamata, mpaka lero simunandiyankhe.

Jeremiah


Likoswe,
28 Epulo 2000

Jeremiah,

Ndabwerako kuchipatala, Ruth wachira. Ndapeza Eluby akuyanika mfutso pabwalo, Thandizo akuthamangitsa mbuzi za a Sabiti. Kalata yako ndawerenga ndekha, kawiri.

Funso lakolo ukanabwera kudzalifunsa wekha pamkeka, nthutumba ili m'kamwa, a Mikaele akanakuyankha. Kutafuna kumene watafuna mwezi uno n'komwe ndinakupempha nditagwada zaka zinayi zapitazo. Sindinakupemphe ng'ombe. Usayembekeze kuti ndikuimbire nthungululu.

Thandizo m'zikope mwayera, ndikum'patsa dzira ndi phala la mtedza, zonse ziwiri. Usandilembere ulaliki.

Falesi akuti unasanza mpaka kugwada. Ndinamuuza kuti atseke sefa yakeyo, mlongo wanga satchulidwa pachigayo.

Pali china chimene sunaone. Potuluka m'nyumba muja Eluby anatola mazira a thadzi lija n'kuwamanga m'chitenje pamimba kuti asazizire. Atafika anawaika pansi pa nkhuku yanga. Ena onse anawola, laswa limodzi lokha, kamwanapiye kakuda. Eluby walamula kuti kameneko ndi ka atsibweni, sikadzaona mpeni. Ndiye pakhomo pa ine Dainess pali nkhuku imene izidya madeya anga mpaka kufa ndi ukalamba. Anthu ayamba kale kundiseka.

Ndakutumizira mfutso ndi mtedza kudzera kwa mwana wa a Sabiti. Lamba usaboolenso, pakwana.

Koma dzino la mwana wanga silimera, Jeremiah. Ndikamuona akuseka dzanja lili pakamwa, ndimakutukwana iwe, a Mikaele, Joel ndi nkhuku zonse za padziko lapansi.

Ubwere pa Khirisimasi. Ndidzaphika nandolo.

Mlongo wako,
Dainess